Kuchoka m'Manja mwa Angerezi: Nkhani ya Nyanga ndi Nyasaland

Abale anga a m'migodi, mwezi wathawu ndinalandira livi ya masabata awiri, ndipo m'malo monka kumudzi ndinakwera basi kupita ku Cape Town kukaona msuweni wanga amene akhala m'lokeshoni ya Nyanga. Kumeneko kulibe mgodi wa golide, kulibe kheji yotsikira pansi, koma Amalawi alipo ambiri ndithu, ena m'minda ya maluwa, ena m'makhichini, ena m'masitolo. Dzina la Nyanga linayamba landiseketsa, pakuti kwathu nyanga ndi ya ng'ombe, kapena ijayi imene munthu woipa mtima amakwirira pakhomo pa mnzake. Koma m'Chixhosa nyanga ndi mwezi, ndipo Langa, lokeshoni ina yakale imene ili kufupi ndi tauni, ndi dzuwa. Langa inatsegulidwa mu 1927, Nyanga mu 1946, ndipo zonse ziwiri anazimangira anthu akuda amene mzinda unkafuna manja ao koma osafuna kugona nao pafupi.

Tsiku lina tikuyenda m'tauni ndinaona msewu wokhotakhota m'munsi mwa phiri, wolembedwa kuti Philip Kgosana Drive. Ndinamfunsa msuweni kuti Kgosana ndi yani, iye nagwedeza mutu. Tsono ine ndine mabalane, nchito yanga ndi ya mapepala, ndipo tulo sitibwera ngati ndaona dzina koma mwini wake sindimdziwa. Kufufuza kwanga kunandifikitsa ku chaka cha 1960, ndipo kumeneko ndinapeza chimene sanatiphunzitse ku sukulu ya mishoni: kuti nkhani ya Nyanga ndi nkhani ya dziko lathu la Nyasaland zinamangidwa pa chingwe chimodzi m'miyezi yoyamba ya chaka chimenecho. Maiko awiriwa onse anali pansi pa chisoti cha Mfumukazi Elizabeth. Onse anachokamo zisanathe zaka 7. Koma kachokedwe kake kanasiyana, ndipo kusiyanako kunali pa funso ili: mwini nyumba wakale potuluka, kiyi anasiyira yani?

ULENDO WA NDUNA YAIKULU

M'mwezi wa January 1960 Harold Macmillan, Nduna Yaikulu ya ku Mangalande, anayendera maiko a mu Africa amene anali m'banja la Angerezi. Anayambira ku Ghana, dziko limene linali litalandira kale ufulu pa 6 March 1957, napita ku Nigeria, nafika ku Rhodesia, kenaka kwathu. Pa 26 January anali pa Ryall's Hotel mu Blantyre kudya chamasana ndi akuluakulu a mzinda, ndipo panja panasonkhana khamu la anthu onyamula zikwangwani zonena kuti Dr. Banda atuluke m'ndende. Apolisi analimbana nao atolankhani a ku London akuona, ndipo nkhaniyo inadzaza nyuzipepala za ku Mangalande.

Patapita masiku 8, Lachitatu pa 3 February, Macmillan anaimirira m'Nyumba ya Malamulo ku Cape Town, nawauza aphungu, amene onse anali Azungu, kuti mphepo ya kusintha ikuomba mu Africa yense, ndipo kaya aikonde kaya aide, anthu akuda adzuka ndipo afuna kudzilamulira okha. Dr. Hendrik Verwoerd, Nduna Yaikulu ya South Africa, anayankha pomwepo kuti chilungamo chisakhale cha munthu wakuda yekha, Mzungu wa mu Africa nayenso achione. Ine powerenga tsikulo ndinaima pang'ono, chifukwa 3 February ndi tsiku lomwelo limene Mbusa John Chilembwe anaphedwa cha ku Mulanje mu 1915, zaka 45 m'mbuyo mwake, atayesa kuchotsa ulamuliro wa Angerezi ndi mfuti zowerengeka.

Mvetsetsani pano, abale, kuti maiko awiriwa sanali pa msinkhu umodzi. Nyasaland inalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, nthawi ya Harry Johnston, ndipo Bwanamkubwa wa ku Zomba sankayankha kwa anthu a m'dzikomo koma kwa nduna ya ku London. Msonkho wa nyumba, umene poyamba unali mashilingi atatu, pamodzi ndi thangata wa m'minda ya Azungu, ndizo zinatulutsa agogo athu m'midzi kunka ku Halale ndi ku Joni. South Africa inali kale ndi boma lake. Itatha nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu ya 1899 mpaka 1902, Mangalande anaphatikiza Cape, Natal, Transvaal ndi Orange kukhala dziko limodzi pa 31 May 1910, napereka ulamuliro kwa Azungu okhala m'dzikomo. Atsogoleri akuda anapita ku London mu 1909 kukadandaula, koma anabwerako chimanjamanja. Mu 1913 lamulo la nthaka linawasiyira anthu akuda gawo losakwana limodzi mwa magawo khumi a dziko, ndipo mu 1936 ngakhale ochepa aja a ku Cape amene ankaponya voti pamodzi ndi Azungu anachotsedwa m'kaundula. Motero pamene Macmillan ankalankhula, kiyi wa South Africa anali ataperekedwa kale zaka 50 zapitazo. Wa Nyasaland anali akadali m'thumba mwake.

DZIKO LINABADWIRA M'KOMPONI

Anthu ambiri pofotokoza za ufulu wa Malawi amayambira pa bwalo la ndege la Chileka, pa 6 July 1958. Ine ndiyambira m'komponi, ndipo inu mudziwa chifukwa chake. Kumudzi Mtonga wa ku Nkhata Bay ankadziwa mfumu yake ndi nyanja yake; Myao wa ku Fort Johnston, Mngoni wa ku Ntcheu, Mlomwe wa ku Mulanje, aliyense ankadziwa zakwao. Koma akafika pa mgodi mabalane sankafunsa za mfumu. Ankalemba liu limodzi lokha: Nyasa. Onse ankagona chipinda chimodzi, kudya m'phika umodzi, ndipo wina akafa pansi onse ankasonkha kuti amuike mwaulemu. Dziko silingachoke m'manja mwa mlendo ngati eni ake sanayambe kudziona kuti ndi amodzi, ndipo kudziona kumeneko ambiri a agogo athu anakuphunzira kutali ndi kwao.

Kuno ku Cape Town komweku kunali Mnyasa wina wotchuka. Clements Kadalie anabadwira ku Chifira, kufupi ndi Bandawe, naphunzira ku Livingstonia, ndipo atayendayenda ku Rhodesia anafika ku Cape Town mu 1918. Mu January 1919 anayambitsa bungwe la anchito lotchedwa ICU pakati pa amuna onyamula katundu padoko, ndipo mu December chaka chomwecho anaimitsa nchito padokopo. Pofika 1927 bungwelo linkanena kuti lili ndi mamembala 100,000. Linadzasweka pambuyo pake chifukwa cha mikangano ya atsogoleri ndi ya ndalama, Kadalie namwalira ku East London mu 1951 asanaone ufulu wa dziko lililonse mwa awiriwa. Komabe makalata ndi mbiri yake zinkafika kwao, ndipo anyamata ophunzira anaona kuti munthu wakuda angathe kuimitsa sitima zapamadzi popanda kuombera mfuti.

Winanso ndi mnyamata wa ku Kasungu amene anayenda pansi kunka kumwera, nagwira nchito pa chipatala ku Hartley, kenaka pa mgodi wa malasha ku Natal, nadzakhala mabalane ndi womasulira pa mgodi wa Witwatersrand Deep ku Boksburg. Mu 1925 mpingo wa AME unamthandiza kupita ku America, kumene anaphunzira udokotala. Ameneyo ndiye Hastings Kamuzu Banda. Ndikamalemba matikiti a shifiti nthawi zina ndimakumbuka kuti iyenso anagwirapo cholembera chonga changachi.

Koma mphatso yaikulu imene amuna a ulendo anabwera nayo kumudzi sinali njinga kapena makina osokera. Inali maso. Iwo anaona ndi maso ao mmene munthu wakuda ankakhalira ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa: chitupa m'thumba usana ndi usiku, nthaka yabwino yogawidwa kwa Azungu mwa lamulo, ndi zitseko zosiyana pa positi ofesi. Chotero pamene Azungu a ku Salisbury anafuna kuti Rhodesia ziwiri ndi Nyasaland ziphatikizidwe, ndipo Boma la Mangalande linatuma Lord Bledisloe mu 1938 kudzamva maganizo a anthu, mafumu, aphunzitsi ndi anthu wamba anakana ndi mau amodzi. Sanawerenge zimenezi m'buku. Ana ao anali atawauza.

CHITAGANYA

Ngakhale anthu anakana, Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhazikitsidwa mu 1953. Mafumu anasonkha ndalama napita ku London kuti akaonane ndi Mfumukazi, koma sanaloledwe. Inkosi Philip Gomani wa ku Ntcheu anachotsedwa pa mpando chifukwa chouza anthu ake kuti asamvere malamulo a Boma, ndipo m'chipolowe chimene chinayambira ku Thyolo chaka chomwecho anthu 11 anaphedwa. Anthu anamva ngati agulitsidwa. Ankati ife tinabvomera chitetezo cha Mfumukazi Victoria, sitinabvomere kuperekedwa kwa Azungu a ku Salisbury monga mbuzi ya chiwongo. Mantha ao anali akuti zimene zinachitika ku South Africa mu 1910 zichitikanso kwathu, kiyi aperekedwe kwa alendo okhazikika, ndipo akaperekedwa sadzabwereranso.

Chipani cha Nyasaland African Congress, chimene Levi Mumba ndi James Sangala anathandiza kuyambitsa mu 1944, chinali chofooka m'zaka zimenezo. Chinatsitsimuka mu 1956 pamene anyamata awiri, Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, analowa m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba nayamba kufunsa mafunso amene Azungu sanazolowere kufunsidwa. Mabuku a zokambirana za m'nyumbamo ankagulidwa ndi kuwerengedwa mokweza m'midzi. Koma anyamatawa ankadziwa kuti akuluakulu a kumudzi sangatsate mwana, ndipo anaitana Dr. Banda, amene anali ku Ghana, munthu wa imvi ndi wa maphunziro. Iye anatsika pa Chileka atakhala kunja zaka zoposa 40, chinenero cha makolo chitamuthawa pakamwa, kotero kuti pa misonkhano ankalankhula Chingerezi wina namasulira. Mau ake anali awiri okha: Chitaganya chithe, ndipo dziko lidzilamulire.

M'mamawa pa 3 March 1959 Bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Dr. Banda anagwidwa ku nyumba yake ku Limbe natengedwa pa ndege kunka ku ndende ya Gwelo. Anthu oposa 1,000 anatsekeredwa, ambiri ku Kanjedza. Ku Nkhata Bay khamu linapita padoko kumene omangidwa anali m'sitima ya Mpasa, ndipo asilikali anaombera, nafa anthu osachepera 20. Boma linati Congress inapangana zopha Azungu onse. Woweruza Patrick Devlin, amene anatumidwa kuchokera ku London, anawerenga anthu 51 ophedwa m'dziko lonse, sanapeze umboni wa chiwembu chachikulu chonga chimene Boma linkanena, ndipo analemba kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Tsiku lomwelo la 3 March, ku Hola m'dziko la Kenya, akaidi 11 anamenyedwa mpaka kufa m'manja mwa alonda a Boma. Nkhani ziwirizi zinafika m'Nyumba ya Malamulo ya ku London nthawi imodzi.

Apa ndi pamene tiyenera kufunsa chifukwa chimene ufumu waukulu umatayira dziko. Si chifundo ai. Ufumu umawerengera monga sitolo. Mangalande anatuluka m'nkhondo yachiwiri ali ndi ngongole zambiri. India anali atapita mu 1947. Ku Suez mu 1956 anachita manyazi. Ndipo ankaona mmene France inkatayira ndalama ndi ana ake ku Algeria. Nyasaland inalibe golide, inalibe kopa, inali ndi tiyi, fodya ndi amuna opita ku migodi. Azungu ake sankakwana 10,000 pakati pa anthu akuda pafupifupi mamiliyoni atatu. Kuti aisunge mwamphamvu anayenera kulipira asilikali chaka ndi chaka ndi kunyozedwa pamaso pa maiko. Iain Macleod, amene anakhala nduna yoona za maiko olamulidwa mu October 1959, anaona kuti m'dzikomo munalibe wina wokambirana naye koma munthu amene anali ku Gwelo. Ndiponso kutseka Congress sikunaphule kanthu, pakuti pa 30 September 1959 Orton Chirwa ndi Aleke Banda anayambitsa Malawi Congress Party, anthu nagula makhadi mwaunyinji kuposa kale.

LACHITATU KU CAPE TOWN, LACHISANU KU GWELO

Tsopano tibwerere ku Nyanga. Ku Cape lamulo linali lakuti munthu wakuda ndi mlendo, wobwera kudzagwira nchito basi. Amuna ankagona m'mahositelo opanda akazi ao, monga ife m'komponi, ndipo mkazi wobwera kudzaona mwamuna wake popanda chilolezo ankagwidwa ndi kubwezedwa ku Transkei. Chipani cha PAC, chotsogozedwa ndi Robert Sobukwe, chinauza amuna kuti pa 21 March 1960 asiye mapasi kunyumba, apite ku polisi akadzipereke kuti amangidwe. Amuna a ku Nyanga anapita ku polisi ya Philippi. Tsiku limenelo ku Sharpeville apolisi anapha anthu 69, ndipo madzulo ake anaomberanso khamu ku Langa, anthu nafa. Kuyambira pamenepo amuna a ku Langa ndi Nyanga anakana kupita ku nchito. Padoko panati zii, nyumba zomangidwa zinaima, ndipo Boma linachita mantha kotero kuti kwa masiku ochepa linaleka kumanga anthu chifukwa cha mapasi.

M'mamawa Lachitatu pa 30 March apolisi analowa m'Langa nayamba kumenya amuna kuti apite ku nchito. Pamenepo anthu anatuluka, a ku Nyanga nawatsata, ndipo anthu pafupifupi 30,000 anayenda pansi kulowa m'tauni, mwakachetechete, opanda zida. Patsogolo pao panali mnyamata wa zaka 23, wophunzira pa University of Cape Town, wobvala kabudula. Ndiye Philip Kgosana. Anadzera msewu wa De Waal Drive, womwe uja ndinauona, ndipo Nyumba ya Malamulo imene Macmillan analankhuliramo masabata 8 m'mbuyomo inali pafupi, yozingidwa ndi asilikali. Khamulo linakaima pa polisi ya Caledon Square. Mkulu wa apolisi, Colonel Terblanche, analonjeza kuti ngati anthu abwerera mwamtendere, Kgosana aonana ndi nduna ya zachilungamo, Frans Erasmus, madzulo omwewo. Kgosana anakhulupirira. Ananena mau ochepa, anthu 30,000 natembenuka kubwerera. Atabwera madzulo kudzaonana ndi nduna, anamangidwa.

Ena amati mnyamatayo anapusitsidwa ndipo anataya tsiku limene silinabwerenso. Ine sindingamweruze. Mfuti zinali zitaloza kale, ndipo Sharpeville inali ya masiku 9 okha. Munthu wa msinkhu wangawu atasenza miyoyo 30,000 pamutu, kodi akanasankha chiyani?

Tsiku lomwelo Boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Asilikali apamtunda ndi apamadzi anazinga Langa ndi Nyanga, osalola munthu kutuluka kapena chakudya kulowa bwino. Apolisi ankalowa nyumba ndi nyumba ndi zikoti. Nyanga ndiyo inalimba nthawi yaitali koposa, koma sabata yachiwiri ya April isanathe anthu mazanamazana anali m'ndende, njala inali itawabweza otsalawo ku nchito, mapasi anayambanso, ndipo pa 8 April zipani za ANC ndi PAC zinatsekedwa.

Taonani tsono. Lachitatu Kgosana analowa m'ndende ku Cape Town. Lachisanu lake, pa 1 April, Dr. Banda anatuluka m'ndende ku Gwelo, natengedwa kunka ku Zomba kukakhala pa tebulo limodzi ndi Macleod, nalankhula pa wailesi kupempha anthu kuti akhale bata. Anthu a ku Nyanga sanali amantha kuposa a ku Nkhata Bay. Kusiyana kwake kunali kwakuti wolamulira Nyasaland anali ndi kwao kobwerera, ndipo ankaopa aphungu ndi nyuzipepala za ku London. Wolamulira Nyanga anali pakhomo pake, mfuti zili zake, ndalama za golide zili zake, ndipo London inalibenso mphamvu pa iye.

MAPEPALA NDI MBENDERA

Zotsatira zake kwathu zinali nchito ya mapepala, ndipo zinayenda mofulumira. Mu July ndi August 1960 anakambirana ku Lancaster House. Pa chisankho cha 15 August 1961 Malawi Congress Party inatenga mipando yonse 20 ya kaundula wa anthu wamba. Mu December 1962 nduna R. A. Butler analengeza kuti Nyasaland iloledwa kutuluka m'Chitaganya. Pa 1 February 1963 Dr. Banda anakhala Nduna Yaikulu, pa 31 December Chitaganya chinaikidwa m'manda, ndipo usiku wolowa 6 July 1964 mbendera ya Angerezi inatsika pa bwalo la masewera mu Blantyre, Prince Philip akuona, nikwera yakuda, yofiira ndi yobiriwira ya dzuwa lotuluka. Dzina la Nyasaland linasiyidwa, natenga la Malawi, lokumbutsa ufumu wakale wa Amaravi. Zambia inatsatira pa 24 October.

South Africa nayo inatsanzika Mfumukazi, ndipo inatitsogolera. Pa 5 October 1960 Verwoerd anafunsa anthu ngati afuna dziko likhale Republic, koma ofunsidwawo anali Azungu okha, ndipo 52 mwa 100 alionse anabvomera. Mu March 1961, maiko ena a Commonwealth atadzudzula tsankho, Verwoerd anatulukamo, ndipo pa 31 May 1961 Republic inakhazikitsidwa. Kwa Mabunu ambiri limeneli linali tsiku la ufulu ndithu, pakuti makolo ao anamenyana ndi Angerezi ndipo akazi ndi ana ao anafera m'misasa ya nkhondo ija. Koma munthu wa ku Nyanga anadzuka m'mawa mwake pasi lili m'thumba monga dzulo, ndipo linakhalamobe kufikira 1986. Ian Smith wa ku Rhodesia anayesa njira yomweyo pa 11 November 1965, nalengeza yekha kuti wachoka m'manja mwa Mangalande, mau ake akutsanzira a Amerika a mu 1776. Zotsatira zake zinali nkhondo ya m'tchire kufikira Zimbabwe inabadwa mu 1980. Zimenezi ndizo anthu a Nyasaland ankaziopa pokana Chitaganya.

MBENDERA ITAKWERA

Ndikadakonda kulekera pamenepa, koma kutero kukadakhala kukunamizani. Akuluakulu amati walira mvula walira matope. Isanathe miyezi itatu chikwerere mbendera, nduna zinayambana ndi Dr. Banda. Zinadandaula za tiki imene odwala anauzidwa kulipira ku chipatala, za malipiro a anchito a Boma, za kuchedwa kupereka maudindo kwa Amalawi, za ubwenzi ndi Apwitikizi a ku Mozambique, ndiponso za kuchitidwa ngati ana pamaso pa anthu. Mu September 1964 Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Mai Rose Chibambo anachotsedwa. Chipembere, Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo. Anyamata omwe aja anaitana dokotala anathawa m'dziko limene anamenyera. Chipembere anayesa nkhondo mu February 1965 kuchokera ku Fort Johnston, naimitsidwa pa Liwonde, ndipo anadzafera ku America mu 1975. Yatuta Chisiza anaphedwa mu 1967 akulowa ndi mfuti cha ku Mwanza. Orton Chirwa, woyambitsa chipani, anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Mu 1966 Malawi inakhala Republic ya chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Dr. Banda anakhala Pulezidenti wa moyo wake wonse. Kiyi amene Angerezi anapereka kwa anthu onse anatsekeredwa m'thumba la munthu mmodzi.

Ndiponso mbendera sidyedwa. Dziko latsopanolo linkalandirabe thandizo la Mangalande kwa zaka zingapo kuti lilipire anchito ake, ndipo njira ya ku Joni sinatsekeke, inakula. Mu 1967 Malawi inatsegula ubale wa akazembe ndi South Africa, pamene maiko ena a anthu akuda ankaikana. Ngongole ya ku Pretoria inathandiza kumanga likulu latsopano ku Lilongwe, ndipo mu 1971 Dr. Banda anadzacheza ku South Africa, nakaonanso mgodi wake wakale. Ena ankamutcha wogulitsa abale. Iye ankati dziko lopanda doko ndi losauka silisankha anansi. Pofika 1973 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya South Africa, ambiri kuposa nthawi iliyonse ya Angerezi, ndipo ndalama zao zosungidwa kumudzi zinali mzati wa chuma cha Boma. Agogo anga anali mmodzi wa iwo, ndipo malata a nyumba imene ndinabadwiramo anagulidwa ndi ndalama zimenezo. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown nipha Amalawi oposa 70 obwerera kwao, ndipo Dr. Banda analetsa kulemba anthu. Kunayambanso mu 1977 mochepa, nikutha mu 1988.

Mu March 1992 mabishopu a Katolika analemba kalata imene inawerengedwa m'matchalichi, yonena poyera zimene anthu ankanong'onezana. Pa 14 June 1993 Amalawi anafunsidwa, onse tsopano, ngati afuna chipani chimodzi kapena zambiri, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasankha zambiri. Chaka chotsatira maiko awiri aja anakumananso pa kalendala. Pa 27 April 1994 anthu a ku Nyanga anaima pa mizere italiitali kusankha boma la dziko lao kwa nthawi yoyamba, ndipo Nelson Mandela analumbira pa 10 May. Sabata imodzi pambuyo pake, pa 17 May, Amalawi anaponya voti nasankha Bakili Muluzi, Dr. Banda nabvomera pa wailesi kuti wagonja.

Kgosana anathawa m'dziko atatuluka pa belo, nakhala kunja zaka zoposa 30. Anamwalira mu 2017, ndipo chaka chomwecho De Waal Drive inapatsidwa dzina lake. Usiku wotsiriza ndisanakwere basi yobwerera ku mgodi ndinamfotokozera msuweni wanga zonsezi tikudya nsima m'kachipinda kake. Anamvetsera mpaka kumapeto osanena kanthu, kenaka anandifunsa ngati munthuyo anayendadi ulendo wonsewo atabvala kabudula.